Nester Mulipa ndi Msana wa Faida

Nester Mulipa anabadwira ku Ndunde, m'banja la ana asanu ndi awiri, iye ali wachisanu. Bambo ake ankalima kabichi ndi matimati kudimba, mayi ake n'kumasenza kukagulitsa. Kuyambira ali wamng'ono, Nester anali wa mtima wosakhazikika. Akatseka chitseko, ankabwerera kukachigwedeza. Akamutuma kukathirira mbewu, ankafunsa kawiri kuti madzi achuluke bwanji. Achemwali ake ankamuseka, komabe ntchito yofuna kusamala ankaisiyira iye yemweyo.

Atalemba mayeso a folomu 4, anapeza ntchito yokolopa pachipatala china cha m'boma lomwelo la Chiradzulu. Chipinda chojambulira mafupa ndi zifuwa, chimene anthu amati ku ekisileyi, chinali kumapeto kwa khonde. Anzake okolopa ankachizemba chifukwa cha chikwangwani chachikasu cha pachitseko. Ankati ukamalowamo kawirikawiri sudzabereka. Nester ankachiopanso, koma ankalowa, poti wina anayenera kukolopamo basi.

Wojambula wa pachipatalapo, a Albert Namakhwa, anaona kuti mtsikanayu akasuntha chinthu amachibwezera pamalo pake penipeni. Anamutenga kuti aziwathandiza m'chipinda chamdima, motsukira mafilimu. Anakhalamo zaka zinayi, manja ake akununkha mankhwala ngakhale atasamba ndi sopo kangati. Mumdimamo ndi mmene anadziwira khalidwe la filimu. Mphamvu ya makina ikachuluka, filimu inkatuluka yakuda bii. Ikachepa, inkatuluka yoyera mbuu. Wojambula akalakwitsa, filimuyo inkamuulula pamaso pa aliyense.

A Namakhwa omwewo ndi amene anamukakamiza kulembera sukulu ya zachipatala ku Lilongwe. Anapita, anakhoza, n'kubwerera pachipatala chomwecho ali wojambula naye. Anakwatiwa ndi Aubrey, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo anabereka ana awiri, moti anzake okolopa aja analeka kuchizemba chipindacho.

Chaka cha 2019 kunabwera makina atsopano. Chipinda chamdima chinasanduka mosungira makatoni. Tsopano munthu akajambulidwa, chithunzi chinkatulukira pakompyuta asanavale n'komwe malaya. A Namakhwa anasangalala ngati apatsidwa njinga yamoto.

"Ichi ndiye chinthu," ankatero. "Ngakhale uwonjezere mphamvu, sichida. Ukawonjezera ndiye chimachita kukongola."

Nester anasangalala nawo pafupifupi zaka ziwiri. Kenako anamutumiza ku Blantyre ku maphunziro a masiku atatu, ndipo kumeneko mayi wina wophunzitsa analoza kanambala kakang'ono ka pakona ya kompyuta, kamene Nester ankakaona tsiku ndi tsiku osakalabadira.

"Kameneka kamakuuzani kuchuluka kwa cheza cha ekisileyi chimene mwagwiritsa ntchito," anatero mayiyo. "Filimu inkakukalipirani mukapyoza muyezo. Kompyuta siikalipa. Imakonza chithunzi n'kukhala chete, koma chezacho chalowa kale m'thupi mwa munthu."

Nester atabwerera kuntchito, asanatsitse n'komwe chikwama paphewa, anatsegula zithunzi zakale. Kanambala kaja kanali pamwamba pa muyezo pa zithunzi zambiri, zake zomwe, makamaka za msana. Msana umafuna mphamvu yambiri chifukwa uli mkati mwa thupi, ndipo cheza chisanaufike kapena chitaudutsa chimakhudza mabere, matumbo ndi chiberekero. Anakumbukira nkhope za amayi a ku Mikolongwe amene ankabwera atagwira m'chiuno chifukwa cha kusenza mitolo ya udzu wa ng'ombe. Onse ankamuthokoza potuluka.

Analemba papepala miyezo yatsopano, ya munthu wowonda, wapakati ndi wonenepa, n'kuimata pakhoma. A Namakhwa anavala magalasi n'kuiwerenga mpaka pansi.

"Mwana wanga," anatero, "ukachepetsa chonchi, chithunzi chituluka chamchengamchenga. Dokotala achibweza. Ukabwereza, munthu yemweyo wamupatsa kawiri. Ndiye wapindula chiyani?"

Sanali kunama, ndipo n'chimene chinkamuvutitsa Nester. Kuchulutsa kunali kulakwa, kuchepetsa mopyola kunalinso kulakwa, ndipo malire ake sankaoneka ndi maso.

Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pabenchi ya pakhonde panakhala anthu atatu a banja limodzi. Bamboyo anali Che Salimu, wogula ndi kugulitsa nandolo ku Namitambo. Pambali pawo panali akazi awo, a Asiya, ndi mwana wawo Faida, wa zaka khumi ndi zitatu. Mtsikanayo ataimirira, Nester anaona kuti phewa lake lamanja lili pamwamba kuposa linzake, ndipo diresi ikulendewera mbali imodzi. Kapepala kamene anabwera nako kanati ajambulidwe msana wonse, kuti dokotala wa mafupa, amene ankabwera kuchokera ku Blantyre Lachinayi limodzi pamwezi, adzapeze chithunzi chilipo.

"Anajambulidwapo kale mwanayu?" anafunsa Nester.

Che Salimu anamwetulira n'kutulutsa envelopu yaikulu imene anaipana m'khwapa. "Mayi, ine mwanayu sindinamutaye. Paliponse pamene ndamva kuti pali makina, ndapita naye. Onani nokha."

Nester anatulutsa mafilimuwo n'kumawaika pa bokosi lounikira limodzilimodzi. Anawerenga m'mtima. Onse pamodzi analipo khumi ndi anayi, a m'zaka ziwiri zokha, ochokera m'zipatala zing'onozing'ono zosiyanasiyana za m'tauni. Kulikonse kumene ankapita, ankawauza kuti ajambulitse chatsopano. Nthawi zina Che Salimu ankapempha okha, pofuna kuona ngati mafuta opaka amene anagula ayamba kuwongola msanawo. Zithunzi zambiri zinayambira kuchibwano mpaka m'ntchafu, manja onse awiri akuoneka. Zitatu zinali za tsiku limodzi, chifukwa pa ziwiri zoyambazo zipi ya diresi inaphimba fupa. Ndipo zilembo za m'mphepete zinkasonyeza kuti nthawi zonsezo mwanayo ankaima choyang'ana makina, chifuwa chili kutsogolo.

"Zili bwino, eti?" anafunsa Che Salimu.

"Zikuoneka," anayankha Nester.

Anapempha bamboyo kuti ayambe adikira panja, n'kutseka chitseko. Anafunsa a Asiya ngati Faida anatha msinkhu. Anati wangotha kumene, miyezi inayi yapitayo. Anafunsa mtsikanayo tsiku limene anapita kumwezi komaliza, ndipo Faida anayankha akuyang'ana pansi. Nester anayang'ana kathupi kakeko, mabere akungoyamba kumene kumera. Pa maphunziro aja anauzidwa kuti pamsinkhu umenewu m'pamene cheza chimaopsa kwambiri, ndipo atsikana a msana wokhota ndi amene amajambulidwa kobwerezabwereza.

Anaganiza zongowabweza osajambula. Koma chithunzi chomaliza chinali cha miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, ndipo a Asiya anati chiyambire kutha msinkhu, mwanayo wapendekeka kwambiri. Dokotala sakanayeza kanthu popanda chatsopano.

"Faida, tichita chonchi," anatero Nester. "Uvule diresiyo uvale gauni iyi. Mpangowo usavule, koma uchotse mapini onse. Ndolo, mkanda, chilichonse chachitsulo upatse amayi. Kamisolo ili ndi tizitsulo?"

"Ayi."

"Dikira ndione ndekha."

Anapapasa m'khosi, kumsana ndi m'chiuno mwa gauniyo. Anapeza kapini kamodzi kobisika kuseri kwa khutu, kamene ngakhale a Asiya sanakaone.

Che Salimu ataitanidwa kuti amve zimene zichitike, anapeza mwana wawo ataima choyang'ana kukhoma, chifuwa chitagunda bolodi, makina ali kutali kumbuyo kwake. Nkhope yawo inasintha.

"Pepani mayi, koma konse kumene tapita amamuyang'anitsa kumakinako. Inu mwamufulatitsa bwanji?"

"Msana uli kumbuyo, bambo. Akaima chonchi, cheza chimalowera kumsana, ndipo pofika kuchifuwa chimakhala chitachepa mphamvu. Mabere ake salandira chambiri."

"Cheza chake chiti?"

"Chimene chimajambulacho."

"Ndiye kuti chimapweteka?"

"Chikachuluka si chabwino. Ndikufotokozerani tikamaliza. Panopa ndikufuna mwanayu asatope kuima."

Bamboyo anatuluka akucheukacheuka, a Asiya pambuyo pawo. Nester anayatsa kanyali kosonyeza pamene cheza chigwere. Kuwalako kunaphimba msana wonse wa Faida, mapewa ndi manja omwe. Anayamba kupotoza tizitsulo ta m'mbali, kuwalako n'kumachepa mpaka kunatsala kampata kotalika, kuchokera m'khosi kufika m'chiuno. Msana wokhota suyenda pakati. Akapanikiza kwambiri, pokhota penipenipo patsala kunja kwa chithunzi, ndiye kuti abwereza. Anayendetsa chala pamsana wa mtsikanayo, fupa ndi fupa, kutsatira mmene unapatukira kumanja n'kubwereranso. Anatsegulako pang'ono mbali imeneyo. Anabwerera kukaonanso. Anatsegulanso pang'ono ngati m'lifupi mwa chala.

A Namakhwa anali ataima kuseri kwa galasi, pamene pali mabatani. Anayang'ana manambala amene Nester anatchera n'kupukusa mutu.

"Zachepa izi."

"Ndi wowonda, bambo. Ndipo dokotala akufuna kuyeza kukhota basi, osati kufufuza mng'alu."

"Akachibweza?"

"Ndidzayankha ndine."

Nester anaika chala pabatani.

"Faida, usagwedezeke. Kokera mpweya mkati. Gwira pomwepo."

Makina analira kamodzi. Nester anayang'ana pakompyuta osaphethira. Chithunzi chinatuluka kuyambira pamwamba, khosi, nthiti, kenako msana utapinda ngati mpini wa khasu wopsa ndi moto. Pokhota ponse panalowa, m'mphepete mutatsala kampata kochepa. Kanambala ka pakona kanali pansi kuposa mmene anakaonerapo pa chithunzi cha msana. Koma chithunzicho chinali chamchengamchenga ndithu, makamaka m'munsi cha m'chiuno.

"Ine ndikanawonjezera," anatero a Namakhwa, n'kutuluka.

Panja, Che Salimu anali asanakhale pansi. Nester anawatengera pakona ya khonde pamodzi ndi akazi awo, Faida akuvala.

"Mwati mundifotokozera," anatero bamboyo.

Nester anafotokoza mmene akanathera. Anati ekisileyi ndi yothandiza, ndipo popanda iyo dokotala sangadziwe chochita. Koma chithunzi chilichonse chimasiya kachiopsezo kakang'ono, ndipo zithunzi zikachuluka, tiziopsezo timeneti timaphatikizana. Kwa mwana wamkazi amene akukula, nkhawa imakhala pa khansa ya m'mabere akadzakula.

A Asiya anagwira pakamwa. Che Salimu anayang'ana envelopu imene inali m'manja mwawo ngati akuiona koyamba.

"Ndiye kuti ndamupweteka ndekha mwanayu?"

"Ayi bambo. Inu mumafuna kumuthandiza, ndipo palibe anakuuzani."

"Sindikufunsa zimenezo. Ndikufunsa ngati adzadwale."

"Ambiri amene anajambulidwa chonchi sadwala. Chiopsezocho n'chaching'ono."

"Koma chilipo."

"Chilipo."

"Palibe mankhwala ochotsera?"

"Palibe. Chimene tingachite n'kusawonjezera popanda chifukwa."

Bamboyo anatsazika mwaulemu, n'kutsogola kupita kumene kumaima a kabaza, akazi awo ndi mwana akuwalondola patali.

Masiku awiri otsatirawo Nester sanali munthu. Lachitatu anatsegula chithunzicho kasanu, n'kumachikulitsa ndi kuchichepetsa. M'mawa ankaona kuti mafupa onse akuwerengeka. Masana ankaona kuti fupa lachinayi la m'munsi silikuoneka bwino. Kunyumba anathira mchere kawiri m'ndiwo za mpiru, ndipo Aubrey atafunsa, anamuuza zonse.

"Nanga akachibweza chichitike n'chiyani?" anafunsa Aubrey.

"Ndimujambulenso. Bambo ake ndangowauza kumene kuti kubwereza n'koipa, ndiye ndikawaitane kuti ndalakwitsa, abwere naye."

"Unayenera kuwauza zonse zija?"

"Kaya. Anandifunsa. Ndikananama?"

Nester anapitiriza kudzifunsa yekha. Mwina bamboyo achita mantha osabweranso naye mwanayo, msana n'kumapindikirabe kunyumba. Ngati zitero, ndiye kuti pakamwa pake pawononga kuposa makina.

Lachinayi anafika kuntchito anthu okolopa asanamalize. Pabenchi panalibe banja la ku Namitambo. Naini koloko inakwana, teni inakwana. Galimoto ya dokotala inafika, odwala mafupa anayamba kulowa ndi ndodo zawo. Nester anajambula mkono wa mayi wina wogwa panjinga, ndi chifuwa cha mkulu wina wotsokomola, koma pakati pa wodwala ndi wodwala ankasuzumira pakhonde. Cha m'ma leveni anawaona akulowa pageti, Faida ali pakati, fumbi lili m'mapazi. Minibasi inawafera panjira.

Patapita kanthawi, namwino anabwera kudzanena kuti a dokotala akufuna amene anajambula msana wa mwana uja. Nester anayenda khonde lonselo mpaka m'chipinda cha dokotala.

Dokotalayo, a Taufiq, anali atatsegula chithunzicho pakompyuta yawo. Anali atajambulapo kale mizere iwiri yopingasa, wina pamwamba pa pokhota, wina pansi.

"Ndinu munajambula ichi?"

"Ndine."

"Chamchenga bwanji?"

"Ndinachepetsa dala. Wajambulidwa kale ka khumi ndi kanayi."

A Taufiq anatembenuka n'kuyang'ana Che Salimu, kenako envelopu imene inali patebulo. Anabwerera pachithunzi n'kukulitsa cha m'munsi.

"M'chiunomu mwachepa pang'ono," anatero. "Ndimafuna kuona ngati mafupa ake atsala pang'ono kusiya kukula. Koma ndikutha kuona. Kukhotaku ndayeza bwinobwino, ndi madigiri 34. Sitibwereza. Ulendo wina mudzawonjezereko pang'ono chabe m'munsimu."

Nester anangogwedeza mutu. Ankafuna kukhala pansi, koma mpando unalipo umodzi ndipo panali a Asiya.

Dokotala anauza makolowo kuti Faida akayezetse chomangira msana ku Blantyre, azichivala mkati mwa zovala usana ndi usiku, ndipo azijambulidwa kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, osati paliponse pamene amva kuti pali makina. Che Salimu anavomera ndi mutu. Potuluka anaima pafupi ndi Nester.

"Dzulo sindinapite kumsika," anatero. "Ndinangokhala. Ndinaganiza zosabwera naye."

"Ndinadziwa."

"Amayi akewa ndi amene anandidzutsa."

Nester anapempha kabuku ka kuchipatala ka Faida. Mkati mwa chikuto analembamo masiku a zithunzi zonse khumi ndi zisanu, ndi mawu oti mwanayu azijambulidwa chofulatira makina, msana wokha, ndipo wojambula ayambe waona zithunzi zakale.

A Namakhwa sananene kuti Nester analondola. Anangoyamba kufulatitsa ana a msana wokhota, koma akuluakulu ankawajambulabe ndi mphamvu imene anazolowera, ndipo awiriwo ankakanganabe mwaulemu mpaka mkuluyo anapuma pantchito chaka chotsatira.

Faida ankabwera pa nthawi yake. Chomangiracho chinkamuwotcha m'miyezi yotentha, chinamutupitsa m'khwapa, ndipo kusukulu anzake ankachigogoda ngati chitseko. Ankachivula akafika m'kalasi, mayi ake n'kumamukalipira. Anatalika msanga chaka chimenecho. Chithunzi chachiwiri chinasonyeza madigiri 39. Chachitatu, 47. Nester ankaona yekha msanawo ukupindikira chithunzi chisanafike n'komwe kwa dokotala, ndipo palibe chimene mabatani ake akanachita.

A Taufiq anati tsopano pafunika opaleshoni, yoika zitsulo zowongolera msana. Analemba kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko dzina la Faida linalowa pamndandanda wa odikira, ndipo linakhalapo miyezi inayi.

Tsiku lina masana, Nester akudya chinangwa chophika kuseri kwa chipinda chake, foni inalira. Anali Che Salimu. Anati tsiku lapezeka, ndi Lolemba la sabata yachiwiri ya Malichi, Mulungu akalola. Anati atapita kukayezedwa komaliza, Faida anapereka yekha kabuku kaja kwa wojambula wa kumeneko asanavule n'komwe nsapato, ndipo wojambulayo anawerenga n'kunena kuti chithunzi cha ku Chiradzulu n'chokwanira, sajambulanso.

"Koma pali china, mayi," anapitiriza bamboyo. "Atiuza kuti mkati mwa opaleshoni momwemo amajambulanso, kuti aone pamene zitsulo zikulowa. N'zoona?"

"N'zoona."

"Kangati?"

"Zimatengera. Sindingadziwe."

"Inu simungakhalepo?"

"Ayi bambo, si kuntchito kwanga. Koma kumeneko kujambulako n'kofunika. Chitsulo chikalowa polakwika, ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya cheza. Musakane."

"Sindikana. Ndimangofuna ndimve kwa inu."

Atadula foni, Nester sanamalize chinangwacho. Anakumbukira kuti Yamiko, mnzake amene anagona naye chipinda chimodzi kusukulu ku Lilongwe, amagwira ntchito pachipatala chachikulucho, ndipo nthawi zina ndi amene amayendetsa makina a m'chipinda cha opaleshoni. Anali asanalankhulane zaka zitatu. Nambala yoyamba imene anaipeza sinkagwira. Anafunsa kwa anzawo awiri mpaka anapeza ina.

Yamiko anayankha ali pakati pa phokoso la anthu. Anafunsana za ana ndi za amuna awo mwachidule, kenako Nester ananena chimene anaimbira. Anatchula dzina la Faida, msinkhu wake, ndi chiwerengero cha zithunzi zimene wajambulidwa.

"Mndandanda wa Malichi sunatuluke," anatero Yamiko. "Sindikudziwa ngati ndidzakhale ine kapena wina. Mwinanso ndidzakhala patchuthi."

"Ukadzakhala patchuthi, udzamuuze amene adzakhalepoyo."

"Ndidzamuuza. Tumiza dzinalo pa foni, pano ndili ndi wodwala patebulo."

Nester analemba dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku la opaleshoni. Anawerenga uthengawo kawiri, anakonza chilembo chimodzi, n'kutumiza. Panali pa 19 Febuluwale, ndipo kunatsala masabata atatu.